Lachisanu limene ndinapha khadi la m'foni

Foni yanga yoyamba inali yolemera ngati mwala wonolera mpeni, ndipo batire lake linkagwa ukapanda kulimanga. Ndinkalimanga ndi mphira wa chubu cha njinga, kuzunguliza kawiri. Ndinaigula kwa mkulu wina amene anabwera nayo kuchokera ku Joni, chisankho chachiwiri cha matipate chitapita kale. Nthawi imeneyo kwathu kuno, pakati pa Boma ndi mtsinje wa Bua, anthu okhala ndi foni ya m'manja unkatha kuwatchula onse usanapume. Ine sindinagule kuti ndidzionetse ayi. Ndinkagula mpunga m'madambo n'kumagulitsa kwa anthu a ku Lilongwe, ndiye iwowo ndi amene anandikakamiza. Ankati atopa kubwera ndi galimoto ulendo wonsewo n'kudzapeza mpunga usanapunthidwe.

Ndineneretu kuti sukulu ndinalekeza sitandade fili. Dzina langa ndimalemba, sikelo ndimawerenga, koma Chingerezi chimene chinkatuluka pa foni ija sindinkamvapo kanthu. Mkulu wondigulitsayo ndi amene anandikonzera zonse. Manambala a ogula mpunga anawalowetsa m'kakhadi ka mkati kaja, ndipo ine ndinkawadziwa ndi malo ake basi: woyamba ndi uje, ukatsika kawiri ndi uje. Panalinso nambala yachinsinsi yotsegulira foni ikazima. Ataona kuti ndikuiwala, anandigwira chala chachikulu n'kumachiyendetsa pa mabatani, malo anayi, mobwerezabwereza, mpaka chala chinadziwa njira yake. M'mutu manambalawo sanakhale bwino. Mukanandiuza kuti nditchule pakamwa, ndikanayamba kaye ndayendetsa chala m'malere. Anandichenjezanso kuti ndikalakwitsa katatu khadi limafa, ndipo zonse za mkatimo zimapita. Anati pali nambala ina yaitali yoliukitsira, koma kapepala kake anakataya kalekale. Patapita mwezi anabwerera ku Joni.

Netiweki kwathu inkapezeka malo amodzi okha, pa chulu cha kuseri kwa chigayo. Ukafuna kuyankhula, unkakwera pamwamba, kuyang'ana kumsewu, osasuntha mutu.

Tsono nkhani yeniyeni ndi ya mchemwali wanga, wopondana nane. Anakwatiwa ali wamng'ono ndi bambo wina wamkulu ndithu, mlonda wa ku minda ya nzimbe chakumpoto kwathu. Alamu angawo, nthawi ya chipani chimodzi, anali mmodzi wa anyamata aja ankaima pa geti la msika kufunsa makadi a chipani. Ine ndili mwana anandibwezapo ndi dengu la chinangwa pamutu. Matipate atabwera yunifolomu anavula, koma manja anakhala omwe aja. Ankamumenya mchemwali wanga. Ankhoswe anakhalapo, a shehe anakhalapo, iwo n'kumagwada, kulira, kulonjeza, koma talaka, kalata yomusudzula, osapereka. Tsiku lina anamuthyola mano awiri a kutsogolo. Sabata yotsatira, iwo ali ku ntchito, mchemwali wanga anatenga mwana wake wamkazi wa zaka zitatu, kukwera lole masana dzuwa likuswa mtengo, osatsanzika aliyense, ngakhale amayi.

Panapita miyezi iwiri osamva za iye. Kenako tsiku lina ndili pa chulu kudikira wogula mpunga, foni inalira, ndipo anali iyeyo. Anati wapeza ntchito yophika ndi kutsuka mbale pa lesitilanti ya mayi wina, ndipo foni imene akuimbirayo ndi ya mayiyo. Nditamufunsa kuti ali kuti, anakana kunena. Anati chimene sindikudziwa sindingachiulule, ngakhale atandifinya bwanji. Tinagwirizana kuti Lachisanu lililonse, anthu akangotuluka mu mzikiti ku swala ya Ijumaa, azifulasha kawiri. Kufulasha ndi kuja umaimba foni n'kudula isanayankhidwe, mayunitsi osapita. Kulira kawiri ndiye kuti iye ndi mwana ali bwino. Ikalira katatu ndiye kuti ndiimbe. Anandiuzanso kuti ndisamaimbe chisawawa, chifukwa abwana akewo ndi mayi wabwino koma wolongolola, woti aliyense akaimba amamulondolera njira yonse mpaka pakhomo poganiza kuti ndi kasitomala.

Nambalayo ndinaisunga m'khadi, yopanda dzina, kumapeto kwenikweni. Ndinafuna kuikopera pa pepala koma amayi anakana. Anati pepala amawerenga ndi aliyense, pamene foniyo ili ndi loko. Zinali zomveka, chifukwa alamu ankabwera pafupipafupi, ndipo tsiku lina tinawapeza alowa m'nyumba, atagwedula sutikesi ya amayi kufuna makalata. Ankati akufuna mwana wawo. Amayi akawauza kuti kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi, iwo ankangoseka. Ankati nkhani anakaisiya kale ku polisi, yoti mkazi wawo anathawa ndi katundu wa m'nyumba. Kaya anakaisiyadi, sindikudziwa. Chimene sindiiwala ndi mawu amene ananena tsiku lina akukankha njinga yawo kuti azipita, motsitsa, ngati akunena za mvula:

"Alamu, ndikadzamupeza musadzavutike kuyala mphasa. Kuno sadzafika."

Ndiye Lachisanu lililonse ndikachoka ku mzikiti ndinkadutsira kunyumba kutenga amayi, tonse ulendo wa ku chulu. Amayi ankavala chitenje chawo chabwino ndi mpango woyera, ngati akupita kukaona munthu. Ine ndinkakwera pamwamba, iwo n'kukhala pansi pa mthunzi. Foni ikalira kawiri, ankati alihamdulila, kudzuka, kusasa chitenje, basi tabwerera. Pano ndikaganiza ndimadziona kupusa. Chinsinsi tinachitsekera m'foni ndi loko, koma ife eni ake tinkayenda poyera masana, mayi wachikulire wosagulitsa mpunga, wosadziwa kugwira foni, kupita pa chulu tsiku lomwelomwelo, nthawi yomweyomweyo, anthu a pa chigayo akuona. Ngakhale mbuzi ikanazindikira.

Lachiwiri lina ndinanyamula thumba la mpunga pa njinga kupita ku kamsika kena ka m'mbali mwa msewu waukulu. Panjira ndinapeza apolisi atchinga msewu ndi migolo iwiri ndi mtengo. Zimenezo zinkachitika, koma ankaimitsa ma minibasi ndi malole. Ife a njinga tinkangolambalala m'mbali n'kukweza dzanja. Tsiku limenelo wapolisi mmodzi, wamtali, wa ndevu za pamlomo zometedwa bwino, anandikodola. Ndinatsika. Ndinayamba kumasula thumba kuti aone, koma thumbalo sanaliyang'ane n'komwe. Anangofunsa ngati ndili ndi foni.

Foniyo sinkaoneka. Inali m'thumba la mkati la jekete, nditaikulunga m'pepala la shuga kuopa thukuta. Anadziwa bwanji? Komanso, ndikaganiza mbali inayi, ndani kudera lonselo amene sankadziwa kuti mnyamata wa mpunga uja ali ndi foni? Mwina anangomva. Sindikudziwa.

Anati ku minda ya nzimbe kwabedwa mafoni a mabwana, ndiye akuyang'ana foni iliyonse. Anamasula mphira uja, kuchotsa batire, n'kuyang'ana timanambala ta mkati. Sanafanizire ndi pepala lililonse, zimenezo ndinaziona. Anafunsa lisiti. Ndinati ndinagula pamanja kwa munthu wa ku Joni, lisiti panalibe. Anaika foni m'thumba la malaya ake, batire kwina, n'kunena kuti ndibwere mawa ku ofesi. Ndinachita zimene aliyense ankachita, ndinasendera pafupi n'kunena kuti bwana, dzuwali lawawa, mwina mungamweko fanta. Anandiyang'ana n'kumwetulira. Anati iye samwa zotsekemera.

Kunena zoona, chimene chinandiopsa kwambiri ndi chimenecho. Akanalandira, ndikanadziwa kuti nkhani yake ndi ya pamimba. Wapolisi wokana fanta ndiye kuti mwina ndi woongoka zedi, mwina anamwa kale kwina. Ndinapalasa njinga mpaka ku msika ndikusinthasintha ziwirizo m'mutu.

Lachitatu ndinapita. Inali kaofesi ka zipinda ziwiri, kauntala kutsogolo, chitseko cha chipinda cha mkati kumbuyo kwake. Pakhoma panali pepala lalikulu la zithunzi, aja ankagawa a mabungwe, lojambula wapolisi akugwirana chanza ndi mayi wa dengu. Panja, pansi pa mtengo wa mango, panatsamira njinga yakuda yokhala ndi khushoni yofiira pa kaliyala. Alamu anali ndi njinga yotero. Koma njinga zakuda za khushoni yofiira, pa msewu umene uja, mungawerenge khumi musanafike pa mlatho wa Bua. Ndinaiyang'anitsitsa, kufuna kuona pedulo yakumanzere, chifukwa ya alamu inali yothyoka theka. Mbali imeneyo inali yotsamira ku mtengo. Kuti ndipite kukaitembenuza, maso a anthu. Ndinalowa.

Bwana wapolisi uja anandilandira bwino kwambiri, mpaka kundipatsa mpando. Ankanditchula kuti achimwene. Anafunsa za mpunga, mitengo ya chaka chino, ngati madzi a Bua anafika m'minda mwathu. Kenako anafunsa kuti amandiimbira ndani. Ndinati ogula mpunga. Anati basi? Achibale akutali mulibe? Ndinati achibale anga onse ali m'mudzi. Analemba kenakake m'buku, kapena ankangoyendetsa cholembera, kuchokera pamene ndinakhala sindinkaona.

Anatulutsa foni mu dilowa, n'kunena akuseka kuti foni yanga ndi yamwano. Anati usiku anaiyatsa, inafuna nambala, anayesa kawiri manambala amene anthu ambiri amaika, inakana, kenako batire linatha. Kawiri. Ndiye kuti kwatsala kamodzi. Iye mwina sankadziwa za katatu zija, kapena ankadziwa, n'chifukwa chake analekeza pawiri. Anandiuza kuti nditchule nambalayo alembe. Ndinamuuza zoona, kuti pakamwa sindingathe, chimadziwa ndi chala, mpaka foniyo ikhale m'manja mwanga itayaka. Anaitana mnzake amene anali pakhonde n'kumuuza kuti bwera udzamve, kuno kuli munthu amene nzeru zake zili ku chala. Anaseka onse, inenso ndinaseka nawo.

Masiku amenewo pa wailesi pankakhala mapulogalamu a za ufulu, ndipo ine ndinkamvera ndikamasoka matumba. Ndinamvapo kuti apolisi sangasecha nyumba ya munthu popanda chikalata cha ku khoti. Za foni sananene, koma ndinaganiza kuti foni ndi ngati sutikesi, zamkati ndi za mwini wake. Ndinalimba mtima, kofia ili m'manja, n'kufunsa ngati pali pepala la ku khoti lolola kuti atsegule.

Kuseka kunatha.

"Achimwene, malamulo mwaphunzira pa wailesi?"

"Ayi bwana, ndimangofunsa."

"Funsani, ndi ufulu wanu. Koma munthu wopanda chobisa safunsa mapepala. Muli n'chobisa?"

"Ndilibe, bwana."

"Ndiye tithandizane. Ndikaona kuti mayina a mkatimo ndi a anthu anu, osati a mabwana aja, mutenga foni yanu muzipita."

Mukamva choncho, zinali zomveka ndithu. Foni yobedwa imadziwikadi ndi mayina a mkati. Ndinayamba kudzikayikira kuti mwina ndikumunamizira munthu wa Mulungu amene akungogwira ntchito yake. Koma kenako ananena za tsiku. Anati tchaja ya mtundu umenewo pa ofesi palibe, ndibwere nayo. Ndinati ndibwera nayo mawa m'mawa. Anati ayi, mawa ali ku khoti. Ndibwere Lachisanu, ndikangotuluka ku mzikiti, ndisachedwe.

Bwanji osati Lachisanu m'mawa? Bwanji osati Loweruka? N'zoona, ndinavala kofia, aliyense akanadziwa kuti Lachisanu masana ndimakhala ku mzikiti. Mwina ankangondilemekeza kuti ndisaphonye swala. Koma akanafuna kundilemekeza, m'mawa bwenzi nditabwera n'kubwerera nthawi ilipo. Potuluka ndinayang'ana pansi pa mango. Njinga ija inali itapita.

Lachinayi sindinapite kokagula mpunga. Ndinawapeza amayi kuseri kwa nyumba akusenda chinangwa choti aviike, ndinakhala pa mtondo wogona n'kuwafotokozera zonse, za njinga, za fanta, za Lachisanu. Amayi anakulira nthawi ija makalata ankafika atatsegulidwa kale, nthawi imene munthu ukafuna kutchula boma unkayamba wasuzumira kuseri kwa nkhokwe. Sanadabwe ndi chilichonse. Anati yunifolomu anasintha mtundu koma makutu ndi omwe aja. Anayamba kutchula amene akuwaganizira kuti anauza alamu: wa pa chigayo, mkazi wa wa pa chigayo, mpaka mlamu weniweni wa amayiwo amene tinkadya naye mbale imodzi pa Idi. Ndinawauza kuti zimenezo zilibenso ntchito, nkhani ndi ya mawa.

Ndinawayalira mmene ndinkaonera. Ndikapanda kupita, adzanditenga, ndipo foni adzapita nayo kwa anyamata okonza mafoni m'tauni, kaya iwowo angathe kutsegula, sindinkadziwa. Ndikapita n'kutsegula, nambala ija ili kumapeto, yopanda dzina, yoonekeratu. Ngakhale asaione, nthawi ikakwana foni ilira kawiri patebulo pawo, nambala n'kutuluka. Akangoimba, mayi wa lesitilanti uja awalondolera mpaka pakhomo. Njira yachitatu ndi yolakwitsa dala, khadi life. Manambala a ogula mpunga apita, koma amenewo ndingakawafunefune ku Lilongwe ndi miyendo. Nambala ya mchemwali wanga ndiye ipita osabweranso, ndipo iye akadzaimba sadzatipeza.

Amayi anasiya kusenda.

"Ndiye ine ndizidziwa bwanji kuti mwana wanga wadzuka?"

"Simuzidziwa, amayi."

"Nanga wapolisiyo akakhala kuti akufunadi mafoni a mabwana? Ukhala wandiphera mwana ndili moyo popanda chifukwa."

"N'kutheka. Koma akakhala kuti watumidwa?"

Amayi anatola mpeni n'kupitiriza kusenda, chinangwa chimodzi mpaka chinatsala kamtima kokha. Ndinadikira kuti anene kuti ipha kapena usaphe. Ndinkafuna kuti anene iwowo, ndisaname, kuti mlandu usakhale wanga ndekha. Pamapeto anangoti chala n'changa ine, osati chawo.

Lachisanu ku mzikiti sindinamve chimene a shehe analalikira. Nditatuluka ndinapalasa njinga molunjika, tchaja ili m'thumba. Pansi pa mango panalibe njinga iliyonse, ndipo mtima unatsikako pang'ono. Ndinayamba kuganiza kuti mwina ndingotsegula, aone mayina a ogula mpunga msangamsanga, nditenge foni ndithawe nayo isanalire.

Bwana uja anali yekha pa kauntala. Analumikiza tchaja pa soketi ya pafupi ndi windo, n'kuika foni pa windo pomwepo. Ananena yekha, ine osafunsa, kuti mu ofesi monse netiweki imagwira pamenepo pokha. Ndinadzifunsa kuti netiweki ya chiyani, poti mayina a m'khadi amaoneka ngakhale uli pansi pa bedi. Mwina anangonena, monga mmene anthu a mafoni tinkanenera nthawi imeneyo, aliyense ankadziwa malo ake a netiweki n'kumanyadira. Chitseko cha chipinda cha mkati chinali chotseka koma osati kwenikweni, panatsala mpata wolowa dzanja. Tikudikira kuti batire lilowe moto pang'ono, mkatimo munthu anakhosomola, kenako kukonza kukhosi kawiri. Alamu ankakonza kukhosi choncho asanayambe kuyankhula. Komanso amuna osuta onse amatero. Akanakhala wapolisi mnzake akupuma, kapena wam'ndende. Sindinaone nkhope, sindinaone ngakhale nsapato. Bwana uja anayang'ana wotchi ya pakhoma.

Anayatsa foni n'kundipatsa, waya uli cholumikiza, iye ataima pambali panga kuyang'ana chala. Chimene sindinayembekezere n'chakuti chala chinkafuna kupita chokha. Chinazolowera. Batani loyamba chinadina ndisanaganize n'komwe, lachiwiri chimodzimodzi, lachitatu. Pa lachinayi ndinachita kuchigwira ndi mtima, ngati mmene umakokera ng'ombe imene yaona khola. Malo ake anali pansi kumanja. Ndinachikankhira pakati, n'kudina, n'kudinanso lovomereza.

Foni inalira kamodzi, kaphokoso kakafupi, ndipo panatuluka mawu ena amene ndinali ndisanawaonepo. Bwana uja anandilanda, kuwerenga, kudinadina, kuzimitsa, kuyatsanso. Mawu omwe aja. Uchimwene unathera pomwepo.

"Iwe, wachita dala."

"Ayi bwana, manja akunjenjemera. Sindinazolowere maofesi."

"Miyezi yonseyi chala chako sichinalakwitsepo, chikalakwitse lero?"

"Mwina poti munayamba mwayesa inuyo kawiri, bwana. Ine ndalakwitsa kamodzi kokha."

Ndinaona dzanja lake likunyamuka, ndinatseka maso, koma silinafike. Kaya anakumbukira pepala la pakhoma lija, kaya anaopa anthu amene ankadutsa pa windo. Anandiuza kuti ndivule nsapato ndi lamba, ndikhale pansi kuseri kwa kauntala. Ndinakhala pa simenti. Foni anaisiya patebulo. Nthawi imene mchemwali wanga ankafulasha inakwana, ndinaidziwa ndi mthunzi wa pakhonde, ndipo foni inangokhala duu. Ndinkaiyang'ana, ndipo nditakweza maso ndinapeza nayenso akuiyang'ana. Kenako analowa m'chipinda cha mkati n'kutseka chitseko kwenikweni. Ndinamva mawu a anthu awiri, otsika, osamveka. Ndinatchera khutu mpaka khosi linawawa, koma lole inaima panja injini ili chilirire.

Chakumadzulo, nthawi ya swala ya Alasiri itadutsa, anatuluka, kundiponyera nsapato, lamba, foni ndi tchaja yomwe, n'kunena kuti ndizipita, asandionenso. Za lisiti sanatchulenso. Za mafoni a mabwana sanatchulenso. Mphira wanga uja yekha ndi amene sanabweze, batire ndinachita kugwirizira ndi dzanja. Panjira ndinkadzifunsa kuti ngati ankaiganizira kuti ndi yobedwa, wandibwezera bwanji? Koma mwina anali atafufuza kale timanambala ta mkati tija n'kupeza kuti si imeneyo, ndipo ankangofuna kumaliza ntchito yake. Mukuona mmene zinalili? Chilichonse chinali ndi mbali ziwiri.

Amayi ndinawapeza atavala chitenje chabwino chija ndi mpango woyera, atakhala pakhonde. Anandiyang'ana kumaso. Analowa m'nyumba kukavula.

Lachisanu lotsatira ndikuchokera ku mzikiti sindinawapeze pakhomo. Anali pa chulu, pansi pa mthunzi pamalo pawo, okha, opanda foni. Ndinagula khadi lina patapita milungu ingapo, koma nambala inali yatsopano, mchemwali wanga sakanaidziwa. Amayi ankadziwa zimenezo, ndinawafotokozera kangapo. Ankapitabe. Sanandikalipirepo, koma kwa nthawi yaitali ankandiyankha mawu amodziamodzi, ndipo akamva kuti kwinakwake kwapezeka mtembo wa mkazi ankandiyang'ana ine. Alamu anabwera patapita sabata, akumwetulira, n'kunena kuti amva kuti foni yanga inadwala, pepani. Anamva kwa ndani? Koma pofika nthawi imeneyo mudzi wonse unali utamva. Ndinayang'ana pedulo ya njinga yawo. Anali ataika yatsopano. Anabweranso kawiri kapena katatu, kenako tinamva kuti akwatira kwina, ndipo anasiya.

Tinakhala choncho dzinja lonse, mpunga kudzala, kupalira, kukolola, osadziwa ngati ali moyo. Uthenga unabwera mpunga wina utacha, kudzera kwa mayi wina wogulitsa usipa wouma amene anatsika minibasi n'kufunsa nyumba yathu. Anabweretsa kachithunzi ka mwana atavala yunifolomu ya sukulu ya mkaka, popanda kalata, popanda adiresi. Amayi anakaika mu sutikesi, kenako anakatulutsa, n'kukasoka m'kati mwa pilo.

Mchemwali wanga anabwera ndi mwana wake patapita zaka zinayi, atamva kuti alamu anasamukira kutali. Anandiuza kuti Lachisanu lija anafulasha monga mwa nthawi zonse, koma m'malo molira, foni inayankha ndi mawu a mzimayi wa Chingerezi. Anayesa ma Lachisanu anayi. Anaganiza ziwiri, kuti mwina amayi amwalira ine n'kugulitsa foni, kapena foni ili m'manja mwa mwamuna wake. Chifukwa cha mantha anasiya ntchito ija, imene anati inali yabwino, mayi uja ankamusunga ngati mwana wake, n'kuthawira tauni ina kumene anavutika kwambiri, mpaka kugona m'khitchini ya anthu ndi mwana. Nditamufotokozera zonse, ndinamufunsa ngati ndinalakwa. Anati mayi wa lesitilanti uja akanawauza ndithu, mpaka mtundu wa chitseko. Koma anatinso mwina palibe amene akanaimba. Amayi anali pomwepo akusisita mdzukulu wawo kumutu.

Wapolisi uja ndinakumana naye zaka zambiri pambuyo pake pa msika wa pa Boma, atapuma ntchito, imvi zili mbuu, akusankha mpunga pa benchi langa. Ndinamuzindikira ndi ndevu zija. Ndinaganiza kuti iye wandiiwala. Ndinamuyezera, ndikulimbana ndi mtima kuti ndimufunse kuti m'chipinda muja munali ndani. Atanyamula jumbo yake anaima, n'kuyang'ana dzanja langa.

"Achimwene, chala chija chinachira?"

Ndinati chinachira, bwana. Anaseka, n'kupita. Kuseka kwake sindinakumvetse, ngati kunali kwa munthu amene ndinamulepheretsa zoipa, kapena kwa munthu amene akukumbukira mnyamata wopusa amene anaononga khadi lake popanda chifukwa. Sindinamuonenso.

Chaka chatha mwana wanga wamkazi anandigulira foni ya masiku ano, yopanda mabatani. Anaikonza kuti izitseguka ndikangogunditsa chala, akuti poti bambo mumaiwala manambala. Ndinayesa, inatsegukadi. Ndinamufunsa kuti nanga munthu wina atandigwira dzanja n'kugunditsa yekha? Anati itseguka. Nanga nditafuna kulakwitsa? Anaseka, akuti mungafune kulakwitsa chifukwa chiyani. Ndinamuuza kuti achotse, aike manambala anayi, ndipo andigwire chala andiyendetse mpaka chizolowere.